Buku lotsatira mulitenge kuti? Kuyeza njira zosankhira nthano ndi ndakatulo

Munthu ukamaliza buku lomwe lakugwira mtima, pamapita masiku usakudziwa choti utenge. Mabuku alipo ochuluka kuposa omwe ungawerenge m'moyo wako wonse, ndipo nthano yaitali imodzi imatha kukudyera madzulo a milungu iwiri kapena itatu. Ukasankha molakwika umaluza pawiri: nthawi yapita, chilakolako chowerenga nacho chazilala. Ambiri omwe amati "ine zowerenga ndinasiya" sikuti anangotanganidwa ayi. Anakumana ndi mabuku angapo otsatizana omwe sanawayankhule kanthu, basi n'kugwa ulesi.

Mabuku omwe ndawerenga miyezi yapitayi anandifika m'njira zosiyanasiyana. Ena ndinawatenga chifukwa analandira mphotho, ena chifukwa cha nyenyezi zomwe owerenga amapereka pa intaneti, ena anandibwereka anzanga, ndipo kwa ena ndinatumidwako ndi mabuku anzawo. Ndineneretu komwe ndaima: njira yomwe yandipatsa mabuku abwino koposa ndi yomalizayi, yotsata ulusi wochokera m'buku lomwe walikonda kale. Zinazo nazo zili ndi ntchito, bola udziwe chomwe iliyonse imayeza. Ndakatulo ndaziika pazokha chifukwa zimakana pafupifupi njira zonse zomwe zimagwira pa nthano.

Mphotho

Ubwino wa mphotho ndi wakuti zimakufikitsani kwa alembi omwe simukanawamva n'komwe. Koma mphotho sizifanana. Ya Nobel ya zolembalemba, yomwe inayamba kuperekedwa mu 1901, imapita kwa mlembi chifukwa cha ntchito yake yonse, ndipo osankha ake ndi a Swedish Academy, bungwe la mipando 18. Choncho imakupatsani dzina koma osakuuzani poyambira. Pomwe Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar, ankalandira mphothoyi mu 2021, anali atalemba kale nthano zazitali 10. Muyambira iti?

Ine ndinayambira pa Afterlives, ya mu 2020. Ndi nkhani ya kum'mawa kwa Africa m'nthawi ya ulamuliro wa Germany, ya anyamata omwe analowa usilikali wa atsamunda n'kumamenya nkhondo yosakhala yawo. Chomwe chinandikoka ndi kudekha kwa Gurnah. Munthuyu safuula. Nkhanza za kunkhondo amazinena ndi mawu ozizira, ngati zinthu zomwe aliyense m'deralo ankazidziwa kale, ndipo n'chifukwa chake zimalasa. Masamba omwe Hamza, mmodzi wa anyamatawo, akubwera kuchokera kunkhondo ali ndi bala, wopanda m'bale, wopanda kogona, n'kupeza ntchito kwa wamalonda wina, kenako pang'onopang'ono n'kuyamba kuyang'anana ndi mtsikana wotchedwa Afiya, ndi masamba omwe ndimabwerera kukawawerenganso. Koma mathero a Ilyas, mchimwene wake wa Afiya yemwe mwakhala mukumudikira buku lonse, athamangitsidwa m'masamba ochepa akumapeto ngati lipoti. Ndinatseka bukulo ndisanakhute. Munthu wodziwa bwino mabuku a Gurnah mwina akanati ndiyambire pa Paradise, yomwe inafika pam'ndandanda womaliza wa mphotho ya Booker mu 1994. Mphotho ya Nobel sinandiuze zimenezo.

Booker, yomwe inayamba mu 1969, ndiye imasankha buku limodzi. Oweruza ake, omwe kawirikawiri amakhala asanu, amasinthidwa chaka chilichonse, ndipo amawerenga mabuku oposa 100 m'miyezi yowerengeka. Amayamba atulutsa m'ndandanda wa mabuku 12 kapena 13, kenako n'kutsitsa kufika pa 6, kenako limodzi. Taganizani anthu asanu okonda zosiyana atakhala patebulo limodzi: lopambana limatha kukhala lomwe onse angalilole, pomwe lomwe mmodzi wa iwo akanalifera latsalira. Mu 2019 analephereratu kumvana mpaka anagawa mphothoyo pakati pa Margaret Atwood ndi Bernardine Evaristo, ngakhale malamulo ake ankaletsa kutero. Ndiye musamangoyang'ana wopambana. Tengani m'ndandanda wa 6 uja, werengani tsamba loyamba la buku lililonse, mudzisankhire nokha. Buku lolimba mtima, lomwe linagawa oweruza, nthawi zambiri mumalipeza pamenepo.

Mphotho yomwe ndimaikhulupirira kwambiri ndi International Booker, momwe ikuyendera kuyambira 2016. Imapita ku buku lomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera m'chiyankhulo china, ndipo ndalama yake mlembi ndi womasulira amagawana mofanana. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Loyamba kupambana padongosolo limeneli linali The Vegetarian la Han Kang wa ku South Korea, lomasuliridwa ndi Deborah Smith, ndipo Han Kang anadzalandira Nobel mu 2024. Ndi kabuku kakang'ono koma kolemera. Mayi wina akusiya kudya nyama atalota maloto oopsa, banja lonse n'kumuukira. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti mayiyo sapatsidwa mpata wosimba nkhani yake, kupatula timawu tochepa ta maloto akewo. Gawo loyamba akusimba ndi mwamuna wake, lachiwiri tikumuonera m'maso mwa mlamu wake, lachitatu m'maso mwa mkulu wake. Amuna awiriwo, wina akumuona ngati chosokoneza mtendere wa pakhomo, winayo ngati thupi loti aligwiritse ntchito. Ndi mkulu wake yekha yemwe akuyamba kudzifunsa ngati iye, wopirira zonse mwakachetechete, ali bwino kuposa mng'ono wakeyo. Gawo lachiwiri linandinyansa, ndipo ndikukhulupirira kuti linalembedwa kuti linyanse. Si buku lopatsa aliyense, koma palibe mnzanga ngakhale mmodzi yemwe akanandilozera kumeneko.

Dziwaninso kuti mphotho zimaphonya. Nobel yoyamba inapita kwa mlakatuli wa ku France, Sully Prudhomme, yemwe lero omuwerenga ndi ochepa, pomwe Leo Tolstoy, yemwe anakhala ndi moyo mpaka 1910, sanailandire. Chinua Achebe naye anamwalira mu 2013 asanaione. Zora Neale Hurston wa ku America anamwalira mu 1960 ali wosauka ndi woiwalika, n'kuikidwa m'manda opanda chizindikiro, mpaka mlembi mnzake Alice Walker anakafunafuna malowo mu 1973 n'kuikapo mwala. Lero mabuku ake amaphunzitsidwa m'mayunivesite.

Nyenyezi za pa intaneti

Goodreads, tsamba la pa intaneti la okonda mabuku, inayamba mu 2007, ndipo Amazon inaigula mu 2013. Pamenepo aliyense amapereka nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, makina n'kuphatikiza zonse kukhala nambala imodzi. Njirayi ndi yachangu, ndi yaulere, ndipo imaoneka yachilungamo poti oyankhula ndi owerenga wamba. Vuto lili pafunso lomwe nambalayo imayankha. Funso lake ndi lakuti: kodi omwe analisankha bukuli anapezamo zomwe ankayembekezera? Limeneli ndi funso lina, losiyana ndi lakuti bukuli ndi labwino kapena ayi.

Muzionere nokha. Tengani nkhani yomwe inatuluka m'mabuku angapo otsatizana, muona kuti kawirikawiri lachitatu limakhala ndi nyenyezi zambiri kuposa loyamba. Sikuti mlembi wakula luso nthawi zonse. Omwe sanakonde loyamba anatsalira m'njira, ndiye ovotera lachitatu ndi okonda okhaokha. Kumbali inayi, mabuku omwe ophunzira amawerenga mokakamizidwa amalangidwa ndi anthu omwe kwenikweni akukwiyira mayeso. Buku lomwe mpangankhani wake wamkulu ndi woipa mtima nalo limalangidwa, chikhalirecho kujambula bwino munthu woipa ndi luso lalikulu.

Choncho nambala ija ilekeni, mutsikire ku ndemanga. Za nyenyezi zisanu zimangoyamika, za imodzi zimangolalata. Zothandiza ndi za zitatu, chifukwa wolemba amakakamizika kunena chomwe chinayenda ndi chomwe chinakanika. Mukapeza munthu mmodzi yemwe amadana ndi zomwe inu mumadana nazo, mutsatireni ameneyo. Aposa chikhamu cha ovota. Pa nthano zaupandu, zachikondi ndi zina zomwe ntchito yake ndi kukugwirani kuti musagone, nyenyezi zimanena zoona ndithu, poti chomwe owerenga onse akufuna n'chimodzi. Timavidiyo ta pa TikTok ta anthu akulira buku lili m'manja tili m'gulu lomweli. Timakuuzani kuti bukulo limagwetsa misozi, ndipo ngati misozi ndi yomwe mukufuna, sitinama. Za kalembedwe sitinenapo kanthu.

Mnzanu, ndi gulu lowerengera limodzi

Mnzanu ali ndi chomwe oweruza a mphotho ndi makina alibe: amakudziwani. Amadziwa kuti mwaferedwa kumene, kapena kuti nkhani zoyenda pang'onopang'ono zimakugonetsani tulo. Koma musamufunse kuti "ndi labwino?" chifukwa yankho likhala "kwambiri", basi. Mufunseni pomwe anaima kuwerenga n'kuyamba kuganiza, kapena munthu wa m'bukumo yemwe akumukumbukirabe. Akasowa choyankha, bukulo linangomudutsa. Choopsa cha njirayi ndi manyazi. Buku lobwereka kwa munthu yemwe amalikonda limalemera. Umalikoka mpaka kumapeto poopa kumukhumudwitsa, mwezi n'kutha. Ndi bwino kumvaniranatu kuti kubweza buku losamaliza si chipongwe.

Gulu limakuthandizani kumaliza, poti tsiku lokumana limadziwika, ndipo mumamva momwe tsamba limodzimodzi lakhudzira anthu mosiyana. Koma magulu amakonda mabuku osavuta kukambirana, okhala ndi mlandu woti anthu akangane: kodi mkaziyu analakwa, kodi bamboyu akhululukidwe. Buku lomwe mphamvu yake ili m'kayalidwe ka mawu limasowa polowera.

Kutsata ulusi

Mlembi aliyense anayamba ali wowerenga, ndipo ambiri amasiya zizindikiro za komwe anadzera: padzina la buku, patimizere ta munthu wina tomwe amaika nkhani isanayambe, pamawu othokoza akumapeto, m'zomwe amayankha akamafunsidwa ndi atolankhani. Kutsata zizindikiro zimenezi ndi komwe ndikuti kutsata ulusi. Wokulangizani apa ndi munthu yemwe waonetsa kale kuti amadziwa kukugwirani mtima.

Tengani Things Fall Apart, ya mu 1958. Dzina limeneli Achebe analitenga m'ndakatulo ya W. B. Yeats wa ku Ireland, The Second Coming, yomwe inalembedwa mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha kumene. Ndakatuloyo ndi ya mizere 22 yokha, ndipo imayamba ndi kabawi wowetedwa yemwe wauluka motalikira mpaka sakumvanso kuitana kwa mwini wake. Mukaiwerenga n'kubwerera kwa Okonkwo, mpangankhani wamkulu wa buku la Achebe, mumaona chinthu chomwe chinali chobisika. Yeats ankalira kugwa kwa dziko la azungu achikhristu. Achebe watenga kulira komweko n'kukuika m'kamwa mwa anthu omwe dziko lawo likugwetsedwa ndi azungu achikhristuwo. Ndakatulo yowerenga mphindi ziwiri yasintha buku lonse. Ulusi wina wochoka kwa Achebe umakafika kwa Joseph Conrad. Mu 1975, pa yunivesite ya Massachusetts, Achebe anadzudzula nthano ya Conrad, Heart of Darkness, kuti inawalanda mawu anthu a mu Africa, n'kuwaimika kumbuyo kwa nkhani ya mzungu ngati mitengo ya m'nkhalango. Werengani Conrad muli ndi chidzudzulo chimenecho m'mutu, muweruze nokha. Ine ndinapeza kuti Achebe ananena zoona, ndiponso kuti ziganizo za Conrad zili ndi mphamvu yomwe sindingaikane, ndipo mpaka pano ndimanyamula zonse ziwiri.

Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988, dzina lake linachokera m'mawu otsogolera omwe Jean-Paul Sartre analembera buku la Frantz Fanon la mu 1961, The Wretched of the Earth. Fanon anali dokotala wa matenda a maganizo ku Algeria, ndipo analemba za momwe utsamunda umadwalitsira mutu wa munthu. Mukadziwa zimenezo, Nyasha, mtsikana wa m'buku la Dangarembga yemwe akukana chakudya m'nyumba ya bambo ake ophunzira ndi olemekezeka, simumuonanso ngati mwana wopulupudza. Mumaona thupi likunena zomwe pakamwa paletsedwa kunena.

Ulusi wokoma koposa ndi wa mabuku omwe amayankha mabuku anzawo. Mu Jane Eyre ya Charlotte Brontë, ya mu 1847, muli mkazi wamisala wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba, yemwe kwa nthawi yaitali timangomumva akuseka. Patatha zaka 119, mu 1966, Jean Rhys, wobadwira ku Dominica, anamupatsa mkaziyo ubwana wa ku Jamaica, mayi, mantha ndi dzina lakelake, Antoinette, m'buku la Wide Sargasso Sea. Mwamuna wake, yemwe satchulidwa dzina m'buku lonse, akuyamba kumuitana Bertha mwadala, mkaziyo akukana. Pa nkhanza zonse za m'menemo, yomwe inandikhudza kwambiri ndi imeneyo, yomulanda munthu dzina akuona.

Posachedwapa ndawerenga James la Percival Everett, la mu 2024, lomwe likusimbanso ulendo wa pamtsinje wa Mississippi wa m'buku la Mark Twain lonena za Huckleberry Finn, koma wosimba ndi Jim, kapolo wothawa uja. Everett anachita chinthu chimodzi chomwe chikunyamula buku lonse. Akapolo ake amayankhula mwadongosolo ndi mozama akakhala okha, koma mzungu akayandikira amavala kayankhulidwe kopotoka, kachibwana, kuti asaoneke anzeru, poti nzeru za kapolo zinkaphetsa. Pali malo omwe Jim akuphunzitsa ana momwe angauzire mayi wachizungu kuti m'khitchini mwabuka moto popanda kuoneka kuti aona ndi iwo poyamba: asatchule motowo, angoloza mwamantha kuti autchule ndi mwini nyumba. Ndinayamba malo amenewo ndikumwetulira, koma pomaliza tsambalo mtima unali utalemera. Palinso kapensulo kakang'ono komwe kapolo wina akumubera Jim kuti azilembera, ndipo mtengo wa kapensuloko ndi moyo wa munthu. Chakumapeto bukuli likuthamanga ngati filimu ya kubwezera, ndipo kumeneko ndinaona kuti lataya kuzama komwe linayamba nako. Komabe linanditumiza kwa Twain, ndipo nthawi iliyonse yomwe Jim wa Twain ankatsegula pakamwa, ndinkadzifunsa chomwe akubisa.

Njirayi ili ndi zofooka. Imakokera m'mbuyo, ku mabuku akale, ndiye mukaidalira yokha mutha kutha zaka osadziwa zomwe achinyamata akulemba lero. Imafunanso laibulale yabwino kapena thumba lolimba, poti ulusi sufunsa zomwe zili pashelefu yanu. Ndipo mabuku ena abwino sasiya chizindikiro chooneka. Zikatero yang'anani wosindikiza. M'ndandanda wa African Writers Series wa kampani ya Heinemann, womwe unayamba mu 1962 Achebe ali mlangizi wosankha mabuku, unkagwira ntchito imeneyi: munthu ankatha kutenga buku la mlembi wosamudziwa pongodalira chikuto chake cha mtundu wa lalanje.

Pafupi ndi njirayi pali ina, yowerenga mabuku onse a mlembi mmodzi motsata zaka zomwe anatuluka. Imakuonetsani munthu akukula, akubwerera kumabala ake, nthawi zina akulephera. Ndi yabwino kwa yemwe akufuna kuphunzira kulemba. Kwa wongofuna kusangalala imatopetsa msanga chifukwa khutu limazolowera mawu amodzimodzi; muziika buku la munthu wina pakati.

Ndakatulo

Pa ndakatulo nyenyezi sizithandiza kwenikweni, poti ovota amakhala ochepa, ndipo mphotho zimakupatsani dzina la mlakatuli wakutali osakuuzani ngati womasulira wake anali ndi khutu. Apa zosankha zake ndi zina: buku losonkhanitsa alakatuli ambiri, buku limodzi lathunthu monga analiyalira mwini wake, buku la ndakatulo zosankhidwa za mlakatuli mmodzi, ndi kumvetsera.

Buku losonkhanitsa alakatuli ambiri ndiye poyambira kwa yemwe sanadziwe chomwe amakonda. Musaliwerenge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ngati nthano. Tsegulani paliponse, werengani mokweza, ndipo yomwe siikukuyankhulani idumpheni osadziimba mlandu. Ikakugwirani imodzi, ikanipo kapepala, lembani dzina la mlakatuliyo. Vuto lake n'lakuti wosonkhanitsa amakonda ndakatulo zotchuka kale, zomwe zimaima pazokha, ndiye mlakatuli yemwe mphamvu yake imaoneka ndakatulo zikaunjikana amaoneka wopepuka.

Chitsanzo ndi Louise Glück wa ku America, yemwe analandira Nobel mu 2020. Ndakatulo yake imodzi, yopezeka payokha pakati pa za anthu ena, itha kumveka youma. Koma buku lake la The Wild Iris, la mu 1992, ndi munda umodzi woyenda kuchokera pomwe zomera zikuphuka mpaka pomwe zikuyamba kufota, ndipo oyankhula ndi atatu: maluwa, wolima mundawo yemwe akupemphera modandaula, ndi mulungu yemwe akuyankha, nthawi zina motopa nawo ana ake. Ndakatulo iliyonse ikuyankha inzake. Mukazulapo imodzi, mwatenga mawu a munthu mmodzi pamkangano wa atatu. Buku lotere muliwerenge lonse, motsatana, ndipo ngati n'kotheka tsiku limodzi, poti ndi lalifupi.

Wisława Szymborska wa ku Poland, wa Nobel ya 1996, ndi wosiyana. Iye buku la ndakatulo zosankhidwa limamukwana, chifukwa iliyonse imaima payokha. Analemba zochepa, ndakatulo zosafika 400 m'moyo wake wonse. Pali imodzi yomwe imanena za imfa kudzera mwa mphaka wotsala m'nyumba mwini wake atamwalira. Mphakayo sadziwa imfa. Akungoona kuti mapazi omveka pamasitepe si omwe aja, dzanja loika chakudya m'mbale si lomwe lija, ndipo akukonza zoti mwiniyo akadzabwera adzamulandire mokwiya, osamuthamangira, kuti adziwe kuti analakwa kuchoka. Mlakatuliyo sakutiuza kuti tilire. Akungotisiya ndi mphaka yemwe akudikira munthu wosabweranso. Mwa zonse zomwe ndawerenga miyezi imeneyi, nthano zazitali zomwe, palibe chomwe chinandifika pamtima ngati timizere timeneti.

Chomwe simuyenera kuyambira ndi buku la ndakatulo zonse za mlakatuli. Emily Dickinson, yemwe anamwalira mu 1886, anasiya ndakatulo pafupifupi 1,800. Mukayamba ndi mulu wonsewo mutopa musanafike pa zomwe zinamutchukitsa. Lolani wina akusankhireni kaye. Zonsezo mudzazifuna nokha mukadzamukonda. Ndipo kumbukirani kuti ndakatulo yomasuliridwa ili ndi eni awiri. Ngati mlakatuli anamasuliridwa ndi anthu osiyana, werengani mokweza ndakatulo imodzi m'kumasulira konse musanagule buku, khutu likuuzani.

Ndakatulo zina zinalembedwera pakamwa. Song of Lawino ya Okot p'Bitek wa ku Uganda, yomwe anayamba kuilemba m'chiyankhulo cha Acholi n'kudzaitulutsa m'Chingerezi mu 1966, ndi dandaulo lalitali la mkazi yemwe mwamuna wake wophunzira, Ocol, akumunyoza pamodzi ndi zonse za makolo, n'kukonda mkazi wina wotengera zachizungu. Mukaiwerenga chamumtima, timizere take tatifupi timaoneka topepuka. Iwerengeni mokweza, mutaimirira, mumva kuti uyu ndi munthu yemwe akudandaula pamaso pa abale ake, akunyodola, akuseka, akulira, kenako akuchonderera. Pa intaneti pali alakatuli ambiri ojambulidwa akulakatula okha, ndipo mawu a mwini amakuonetsani popumira ndi potsindika. Chenjezo n'lakuti wolakatula waluso atha kukometsa ndakatulo yopanda kanthu. Ikakusangalatsani pomvetsera, ipezeni yolembedwa muone ngati ikuimabe popanda mawu ake.

Njira iliyonse yomwe mungatenge, ndakatulo musaiweruze pakuwerenga koyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koyamba mumangomva kayendedwe kake, kachiwiri mumaona chomwe chikuchitika, ndipo chomwe mlakatuli wasiya osanena chimaoneka mukaibwereranso mawa lake.

Nanga mutenge iti?

Zikutengera pomwe muli. Ngati mwakhala nthawi yaitali osawerenga, yambani ndi mnzanu kapena nyenyezi, mutenge buku lalifupi lokoka, kuti chizolowezi chibwerere. Za Nobel zidzakupezani m'tsogolo. Ngati mukuwerenga kale koma mabuku ayamba kufanana, pitani ku mabuku omasuliridwa. Ngati pali buku limodzi lomwe simukuliiwala, musapite kwina kulikonse. Litseguleninso, muyang'ane dzina lake, masamba akutsogolo ndi akumapeto, mufufuze zomwe mlembi wake ananena kuti ankawerenga.

Ndipo musamapatse mabuku onse mpata wofanana. La nyenyezi, lomwe linalonjeza kukugwirani, likafika masamba 50 lisanakugwireni ndiye kuti lalephera ntchito yake, lisiyeni. La mphotho kapena lomasuliridwa lipatseni masamba 100, poti khutu limafuna nthawi kuti lizolowere kayendedwe kachilendo. La ulusi ndimalipirira koposa, ngakhale litavuta, chifukwa ndimadziwa chomwe ndikufunamo: ndikufuna kuona chomwe mlembi yemwe ndimamukonda anaonamo. Buku la ndakatulo ndiye lisakuvutitseni ndi zomaliza. Mukapezamo ndakatulo zitatu zomwe mukufuna kudzawerenganso, lisungeni pafupi. Mukapanda kupezamo, lipatseni wina, mubwerere ku buku losonkhanitsa lija mukatenge dzina lina.